Injini Ikamatsimphina

  Lero tikamba za galimoto, makamaka za m'mawa uja umene munthu waliza injini yake n'kumva kuti siikulira monga mwa masiku onse. Chiwongolero chikunjenjemera, mpando ukunjenjemera, kumbuyo ekizozi ikuti phu, phu-phu, phu, ngati munthu wa chifuwa. Amakaniko amati galimoto ikumisa. Ine ndimakonda kunena kuti ikutsimphina, ndipo mumva chifukwa chake.

Mwana wa mlongo wanga amagwira ntchito mu Lilongwe. Anasunga ndalama zaka ziwiri kuti agule galimoto imene ankailota kuyambira ali ku sekondale: Toyota Altezza. Achinyamata ambiri a ku Malawi ndi ku Zambia mukuidziwa. Toyota inayamba kuipanga mu 1998 n'kuisiya mu 2005, ndipo ku Ulaya inkagulitsidwa ndi dzina loti Lexus IS200. Imakankha ndi matayala akumbuyo, magetsi ake akumbuyo ndi owala ngati galasi, ndipo mawotchi apatsogolo pa dalaivala anawapanga ngati wotchi yapamkono yamtengo wapatali. Ilipo ya RS200, ya masilinda 4, injini yake 3S-GE imene Toyota inapanga mothandizana ndi Yamaha. Iliponso ya AS200, ya masilinda 6 ondandalikana mzere umodzi, injini yake 1G-FE. Ya mnyamata wangayu inali AS200 ya 2001, yasiliva. Chilowereni m'dziko muno kudzera pa Songwe inali itadutsa kale m'manja mwa anthu awiri, n'chifukwa chake mtengo unali wofewa.

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Altezza yomaliza kutuluka m'fakitale yakwanitsa kale zaka 20. Penti angathe kumawala, koma mphira zonse za pansi pa boneti zaona kutentha kwa zaka zonsezo. Komanso galimoto zothamanga sizigulidwa ndi anthu oyenda pang'onopang'ono. Aliyense amene anakhala nayo anaiponda moto, ndipo ambiri anaigulitsa pamene inayamba kufuna ndalama.

Patangotha milungu itatu, kunjenjemera kunayamba. Anzake anati ndi mapulagi, iye n'kugula mapulagi 6, wina n'kumuikira pansi pa mtengo. Inakhalako bwino masiku awiri, kenaka n'kuyambiranso. Wina anati ndi pampu ya mafuta, iye n'kugula pampu. Wina anati athire mankhwala otsukira mainjekita m'thanki, iye n'kuthira mabotolo awiri. Wachinayi anangomvetsera kamphindi n'kunena kuti injini yatha, afune ina. Usiku umenewo foni yanga inalira. "Malume, ndalama zandithera, galimoto ikunjenjemerabe. Akuti ndigule injini."

Zinandikhudza, chifukwa ndinkadziwa mmene mwanayo anadzimanira kuti apeze galimotoyo. Chimene chinamudyera ndalama n'chimene chimadyera anthu ambiri ndalama: kuombeza. Kugula sipeya usanadziwe chimene chafa n'chimodzimodzi kumwa mankhwala a malungo usanayezetse magazi. Mwina ungachire mwamwayi, koma kawirikawiri matenda enieniwo amangokulirakulira.

Loweruka m'mawa tinapita ku Biwi mu Lilongwe momwemo, kwa bambo wina wachikulire amene wakhala akukonza galimoto kuyambira nthawi ya makabureta. Chimene ndinaona kumeneko ndicho ndikufuna kugawana nanu.

Sanayambe n'kutsegula boneti. Anakhala pa tayala lakale n'kuyamba kufunsa. "Achimwene, imanjenjemera nthawi yanji? Ikangolizidwa m'mawa, kapena ikatentha?" Mnyamatayo anati nthawi zonse, koma makamaka ikaima pa maloboti. "Nanga pachitunda, mukaponda moto?" Anati imachita ngati ikukoka n'kusiya, kukoka n'kusiya. "Kagetsi ka check engine kamayaka chiyakire, kapena kamaphethira?" Anati pachitunda kamaphethira. "Mafuta munathira kuti komaliza, pa filingi siteshoni kapena a m'chigubu? Madzi a mu rediyeta akuchepa? Oyilo mukuwonjezera kangati?" Mafunso anatenga mphindi khumi, ndipo palibe sipanala imene inagwiridwa.

Omvera, mafunso amenewa ndi theka la ntchito. Injini ya petulo, kaya ya Altezza, kaya ya Subaru, kaya ya kabaza wa njinga yamoto, imafuna zinthu zinayi m'silinda iliyonse: mpweya, mafuta, moto wa pa pulagi, ndi mphamvu yopanikiza imene amakaniko amati kompuresheni. Zinayizi ziyenera kukumana pa nthawi yake. Mpweya ndi petulo zili ndi muyezo wake: pa kulemera, magawo 14.7 a mpweya pa gawo limodzi la petulo. Injini ikamanjenjemera, kawirikawiri ndiye kuti chimodzi mwa zinayizi chikuperewera, mwina m'silinda imodzi, mwina m'masilinda onse. Ntchito ya woyeza ndi kupeza kuti n'chiti, ndiponso kuti n'kuti.

Nthawi imene vuto limaonekera imaloza kumene kuli vutolo. Ikamavuta itaima koma n'kumayenda bwino pamsewu, kawirikawiri pali mpweya wolowera pamalo olakwika. Ikamadukiza pachitunda kapena podutsa galimoto ina, ganizirani za moto wofooka, chifukwa silinda ikadzaza kwambiri moto umavutika kudumpha pa pulagi, kapenanso mafuta osafika okwanira. Ikamavuta masekondi ochepa m'mawa, utsi woyera uli tolotolo, madzi a mu rediyeta n'kumachepa, mtima uyambe kuganiza za gasiketi ya mutu wa injini.

Atatha mafunso, madalawo anati ilizidwe. Anatenga botolo lamadzi lapulasitiki n'kuliimika pamwamba pa injini. Madzi m'botolomo ankavina. "Injini ya masilinda 6 a mzere umodzi siyenera kutere," anatero. "Mwa injini zonse, imeneyi ndi imodzi mwa zimene zinabadwa zodekha." Ananena zoona. Mapisitoni ake amayenda awiriawiri molinganizana, ndipo amaphulitsa motsatana chonchi: 1, 5, 3, 6, 2, 4. Ikamalira itaima, pa maulendo pafupifupi 700 pa mphindi, m'kati mwake mumaphulika moto ka 2,100 pa mphindi imodzi. Silinda imodzi ikagona, kuphulika 350 pa mphindi kumasowa. Miyendo isanu ikuponda, umodzi ukukokedwa. Kumeneko ndiye kutsimphina kumene ndinanena kuja.

Kenaka anapita kumbuyo, n'kuika chikhatho pafupi ndi kamwa la ekizozi. Mpweya unkagunda dzanja mofanana, koma pakapita kanthawi kofananafanana unkadumpha. Ananunkhiza dzanja lake n'kundinunkhizitsa inenso: fungo la petulo wosapsa. "Kudumpha kwake kuli ndi dongosolo," anatero. "Imeneyi ndi silinda imodzi. Akanakhala mafuta oipa kapena pampu yofooka, bwenzi onse 6 akudandaula mosokonekera." Ndi mawu amenewo, pampu imene mnyamata uja anagula inaoneka kuti inalibe mlandu kuyambira pachiyambi.

Mwina wina akufunsa kuti, bwanji osangoiika pa kompyuta? Funso labwino. Kompyuta ya galimoto imasunga manambala a zolakwika. P0300 imatanthauza kuti masilinda akumisa mosasankha. P0301 ndi silinda yoyamba, P0304 ndi yachinayi. P0171 imatanthauza kuti mpweya wachuluka kuposa mafuta. Ku America, dongosolo limeneli, lotchedwa OBD-II, linakhala lamulo pa galimoto zonse zatsopano kuyambira mu 1996. Koma galimoto zambiri za zaka zimenezo zimene zinapangidwira msika wa ku Japan komweko zimayankhula mwa njira yakeyake, ndipo timakina totchipa tolumikiza ku foni nthawi zina sitimvana nazo. Mnzake wa mnyamatayu anali atayesa kale kotere, osawerenga kanthu. Ndipo ngakhale makina awerenge, dziwani ichi: nambala imakuuzani pamene pakupweteka, siikuuzani chimene chafa. P0304 ingabwere chifukwa cha pulagi, koyilo, injekita, waya wothothoka kapena valavu yopsa. Amene amawerenga nambala n'kuthamangira kusitolo akuombezabe, kungoti akuombeza ndi kompyuta.

Madala aja anachotsa zotchinga za pamwamba pa injini. Pa injini imeneyi pulagi iliyonse ili ndi koyilo yakeyake yokhala pamutu pake. Injini ikulira, anazula kasoketi ka mawaya ka koyilo yoyamba kwa masekondi awiri okha. Injini inagwa mphamvu ngati izima. Anabwezera. Yachiwiri, chimodzimodzi. Yachitatu, chimodzimodzi. Atazula yachinayi, palibe chimene chinasintha. Madzi m'botolo muja ankangovina monga poyamba. "Wogona uja ndi ameneyu," anatero. Ukachotsa munthu pa gulu lonyamula chipika koma kulemera osasintha, ndiye kuti munthuyo sankanyamula.

Pano ndichenjeze. Chimene anazula ndi kasoketi ka mawaya ang'onoang'ono, ndipo kwa kanthawi kochepa. Musazule koyilo yeniyeniyo kapena waya wa pa pulagi ndi manja injini ikulira, chifukwa mmenemo mumadutsa mavoti masauzande ambirimbiri. Samalaninso malaya ndi zala pafupi ndi fani ndi malamba.

Anazimitsa injini n'kumasula koyilo yachinayi. Itatuluka, mphira yake yonse inali yonyowa ndi oyilo wakuda. Anaunika ndi tochi m'dzenje la pulagi, ndipo tonse tinasuzumira: pulagi yatsopano ija inali itamira m'chithaphwi cha oyilo. Gasiketi ya chivindikiro cha pamwamba pa injini inali itauma ndi ukalamba, n'kumadonthezera oyilo m'dzenjemo. Amene anaika mapulagi pansi pa mtengo uja anaona oyiloyo, anangopukuta n'kutseka. N'chifukwa chake galimoto inakhala bwino masiku awiri okha.

Apa ambiri tikanati tapeza, tiyeni tikagule koyilo. Madalawo anakana. "Taona oyilo, koma sitinaone ngati koyilo yafa." Anapopa oyilo m'dzenje muja, anapukuta zonse, kenaka anasinthanitsa: koyilo ya silinda 4 anaiika pa silinda 2, ya pa 2 n'kuiika pa 4. Ataliza n'kubwereza kuzula timasoketi tija, wogona uja anali atasamukira pa 2. Vuto linatsatira koyilo. Likanatsala pa 4, akanasinthanitsa mapulagi. Likanatsalabe, akanamvetsera injekita poika nsonga ya sikuludiraiva yaitali pa iyo, chogwirira chili kukhutu, kuti amve ngati ikuti tiki-tiki-tiki. Kuyeza konseku sikunadye ngakhale tambala imodzi ya sipeya. Atapinda mphira ya koyilo ija padzuwa, tinaona kamng'alu kopyapyala ndi kamzere kotuwa pamene moto unkathawira m'mbali m'malo mofika pa pulagi.

Anaika koyilo ina imene ankadziwa kuti ndi yamoyo. Injini inasintha mawu nthawi yomweyo, mnyamata wanga n'kuyamba kumwetulira. Koma madala anakweza dzanja kuti tikhale chete. Muvi wa pa wotchi ya injini unkakwera pang'ono, kutsika pang'ono, ngati munthu wopuma movutikira. "Pali kachiwiri," anatero. Anaweramira pa injini, khutu lili tcheru, n'kumatsata kamluzu kakang'ono kamene ine sindinkakamva n'komwe. Anagwira timapaipi tamphira kamodzikamodzi, n'kumatipinda. Kena, kokula ngati chala chakanise, kanali kouma gwa ngati chikuni, kong'ambika kunsi kumene diso silifika. Atatseka mng'aluwo ndi chala, muvi uja unaima phee. Mpweya unkalowera pamenepo mwakuba, n'kusokoneza muyezo uja wa mpweya ndi mafuta.

Phunziro lake ndi lalikulu. Galimoto yakale kawirikawiri siidwala nthenda imodzi. Vuto lalikulu limabisa laling'ono. N'chifukwa chake woyeza wabwino amasintha chinthu chimodzi, n'kumvetsera, kenaka n'kupita pa china. Mukasintha zinthu zisanu nthawi imodzi, ngakhale ichire, simudziwa chimene chaichiritsa, ndipo zinayi mwalipira pachabe.

Panatsala mawu aja akuti injini yatha. Mawu otere sayankhidwa ndi pakamwa, amayankhidwa ndi geji ya kompuresheni. Injini ili yotentha, anamasula mapulagi onse n'kuwandandalika pa katoni motsatira masilinda ake. Pulagi imanena zambiri: yofiirira ngati khofi wamkaka ndi yathanzi, yakuda ndi mwaye wouma ikunena kuti mafuta achuluka kapena moto ndi wofooka, yonyowa ndi oyilo kunsonga ikunena za maring'i kapena mphira za mavalavu, ndipo yoyera mbuu ngati yotsukidwa pakati pa zinzake zakuda ingakhale ikukumana ndi madzi. Anadula mafuta ndi moto, anamangirira geji pa silinda iliyonse, mnyamatayo ataponda moto mpaka pansi n'kumapukusa kiyi. Masilinda asanu anaonetsa pafupifupi 12, imodzi 11.5. Chofunika kwambiri ndi kufanana kwa manambalawo: asasiyane kupitirira pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi. Silinda ina ikatsika kwambiri, amathiramo oyilo wokwana kasupuni n'kuyezanso. Nambala ikakwera, olakwa ndi maring'i a pisitoni. Ikapanda kukwera, ndi mavalavu kapena gasiketi. Masilinda awiri oyandikana akatsikira limodzi, kawirikawiri gasiketi yapsa pakati pawo. Ya mwana wa mlongo wanga inali yamoyo ndithu. Injini imene ankati itayidwe inkafuna koyilo imodzi, gasiketi ya chivindikiro, ndi kapaipi kamphira kosakwana chikhatho kutalika.

Tisanatseke, pali zinthu za kwathu kuno zimene buku la ku Japan silinena. Choyamba ndi mafuta. Petulo wa ku Malawi wakhala akusakanizidwa ndi ethanol kuyambira mu 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba kumupanga kuchokera ku zotsalira za nzimbe. Ethanol amakoka madzi. Petulo akakhalitsa m'chigubu chosatsekedwa bwino, madzi amalowa, ndipo pa nthawi ya kusowa kwa mafuta ena osaona mtima amathiramo parafini. Ngati kunjenjemera kwayamba mutangothira a m'chigubu, tapaniko pang'ono m'botolo loyera, muwasiye akhazikike. Mukaona mizere iwiri, wina pansi wina pamwamba, kapena akuoneka a mtambo, mwapeza poyambira. Eni RS200 akumbukirenso kuti injini yawo inapangidwira petulo wa okiteni yapamwamba. Mukamva kulira ngati timiyala m'chitini pokwera chitunda, bwezani phazi, tsitsani giya, ndipo kayezetseni.

Chachiwiri ndi fumbi. M'miyezi ya chilimwe, misewu yathu yadothi imadzaza fyuluta ya mpweya msanga kuposa mmene wopanga ankaganizira. Itulutseni, iyang'anitseni kudzuwa. Ngati kuwala sikudutsa, mpweyanso ukuvutika kudutsa.

Chachitatu ndi kagetsi kaja. Kakamaphethira, kakukuuzani kuti petulo wosapsa akupita mu ekizozi n'kukayakira mu catalytic converter, chosefera utsi chija chimene m'kati mwake chimaoneka ngati zisa za njuchi. Mukapitiriza kuyenda choncho chimasungunuka n'kutseka njira ya utsi, ndipo vuto la koyilo imodzi limabala lina lodula kwambiri. Petulo yemweyo amatsukanso oyilo pa khoma la silinda, pisitoni n'kumakhula pouma. Galimoto yotsimphina siyenera kupita ku Mzuzu kaye kuti idzakonzedwe pobwera.

Ndipo kwa inu amene mukusunga ndalama kuti mugule yanu, safunsa anadya phula. Pitani m'mamawa, mugwire injini ndi dzanja kuti mutsimikize kuti yagona usiku wonse osalizidwa. Tembenuzani kiyi osaliza, muone ngati kagetsi ka check engine kakuyaka, chifukwa alipo ogulitsa amene amachotsa babu kuti kasaulule. Ikalira, imani kumbuyo muone utsi: wabuluu ndi oyilo, wakuda ndi mafuta ochuluka, woyera wosatha ngakhale injini itatentha ndi madzi. Funsani za lamba wa tayimingi, amene pa injini zimenezi amasinthidwa pa makilomita 100,000; ku Japan amamata kapepala pa injini kosonyeza pamene anasinthidwa. Ndipo lipirani makaniko wanu ayeze kompuresheni musanapereke ndalama. Wogulitsa wokana kuyezetsa wakuyankhani kale.

Dzuwa litapendeka, madala aja anabwezera zonse, n'kuuza mnyamatayo kuti alize. Anaimikanso botolo lija pamwamba pa injini. Madzi anangoti zii, ngati ali patebulo. Kenaka anatenga koyilo yakufa ija ndi kapaipi kong'ambika, anazikulunga m'pepala n'kumupatsa m'manja. "Achimwene, tengani izi. Tsiku lina wina akadzakuuzani kuti chakuti chafa, mudzamuuze akuonetseni mmene wadziwira." Mwana wa mlongo wanga analandira ndi manja awiri. "Zikomo madala, ndamva."

Mawu amenewo ndi amene ndikukusiyirani, eni galimoto ndi amakaniko omwe. Mwini galimoto ali ndi ufulu wofunsa kuti mwadziwa bwanji, ndipo makaniko wodziwa ntchito yake amakondwa ndi funso limenelo, chifukwa yankho ali nalo m'manja. Ulipireni nthawi yake yoyeza mosanyinyirika, pakuti ola limodzi la munthu wodekha ndi lotchipa kuposa sipeya imodzi yogulidwa mongoganizira. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mawa m'mawa mukaliza galimoto yanu, musafulumire kutsegula wailesi. Ipatseni mphindi imodzi, mumve mmene imalirira ili bwino, kuti tsiku limene idzasinthe mawu mudzakhale woyamba kudziwa.